Makaseti ndi mbale zakale: zinyalala kapena chuma chobisika?

Mu Okutobala 2024, woimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, adatulutsa nyimbo yotchedwa Noid. Anthu a ku Lusaka, Chipata, Mchinji ndi Lilongwe omwe adaimva adadzidzimuka kupeza kuti mkati mwa nyimboyo muli mawu a Chinyanja. Mawuwo adatengedwa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi ya gulu la Ngozi Family la ku Zambia, yomwe idatuluka pa mbale ya galamafoni m'chaka cha 1977. Mtsogoleri wa gululo, a Paul Ngozi, adamwalira mu 1989, mnyamata wa ku America uja asanabadwe n'komwe. Chimbale cha Chromakopia, momwe muli nyimbo ya Noid, chidafika pa nambala 1 pamndandanda wa zimbale zoyenda malonda ku America.

Nyimbo ya a Ngozi idayenda ulendo wautali kuti ikafike kumeneko, ndipo gawo lalikulu la ulendowo idayenda m'manja mwa anthu otolera mbale ndi makaseti akale. Awa ndi anthu omwe amatha tsiku lathunthu akufukula m'makatoni afumbi m'masitolo ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, m'misika ndi m'nyumba za anthu, kufunafuna nyimbo zomwe eni ake adaziiwala. Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja a m'dziko muno, chifukwa m'nyumba zambiri pa Balaka, pa Dedza, pa Kasungu kapena pa Luchenza mudakali katoni ya makaseti pansi pa bedi, yomwe mayi a m'nyumba akhala akufuna kuitaya kudzala chaka ndi chaka.

Msika womwe udauka kwa akufa

Kumayiko a azungu, mbale za galamafoni zidaoneka ngati zatheratu pomwe ma CD adabwera m'zaka za m'ma 1980. Anthu adazitaya, ena adakazisiya kumasitolo a mabungwe achifundo monga a Oxfam ku Britain ndi a Goodwill ku America. Masitolo amenewa amalandira katundu yemwe anthu atopa naye n'kumamugulitsa motsika mtengo, ndipo zina mwa zovala za kaunjika zomwe zimafika kuno zimayambira m'malo otere. Kwa zaka zambiri mbale zinkangodzaza malo m'masitolowo.

Zinthu zidatembenuka. Malinga ndi bungwe la makampani a nyimbo ku America la RIAA, m'chaka cha 2022 m'dzikolo mudagulitsidwa mbale zatsopano 41 miliyoni pomwe ma CD adali 33 miliyoni. Aka kadali koyamba kuti mbale zipose ma CD chichokereni 1987. Mu 2023 chiwerengero cha mbale chidakwera kufika pa 43 miliyoni. Nawo makaseti, omwe kampani ya Philips idayamba kupanga mu 1963, adadzukako pang'ono: ku Britain mu 2022 kudagulitsidwa makaseti pafupifupi 195,000, chiwerengero chomwe chidali chisanaonekenso kuyambira 2003. Ziwerengerozi ndi za katundu watsopano yekha. Malonda a mbale zakale, omwe amachitika m'masitolo aang'ono komanso pa intaneti, sawerengedwa m'menemo.

Zifukwa zake n'zosiyanasiyana. Ena amati mbale imamveka bwino kuposa nyimbo ya pa foni, nkhani yomwe akatswiri amakangana mpaka lero. Ena amangofuna chinthu chogwirika ndi manja, chokhala ndi chithunzi ndi mayina a omwe adaimba. Koma pali gulu lina laling'ono, lomwe ndi lomwe likukhudza mayiko a kuno, lomwe limasaka nyimbo zomwe sizipezeka pena paliponse. Kwa anthu amenewa, mbale yomwe idasindikizidwa yochepa, kudziko lakutali, zaka 50 zapitazo, ndiye nyama yonona.

Phunziro la ku Zambia

M'zaka za m'ma 1970 ku Zambia kudabuka mtundu wa nyimbo womwe umatchedwa Zamrock, wosakaniza magitala aukali a chizungu ndi mayimbidwe a kumeneko. Magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family adatchuka kwambiri, makamaka m'matauni a migodi ya kopa. Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo makampani monga Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ku Ndola ankatulutsa mbale za magulu amenewa.

Chisangalalocho sichidakhalitse. Mtengo wa kopa udagwa, anthu adasowa ndalama zogulira mbale ndi zolowera kumadansi, kenaka matenda a Edzi adatenga oimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mtsogoleri wa WITCH, a Emmanuel Chanda, omwe amadziwika kuti Jagari, adasiya zoimba, adagwirako ntchito ya uphunzitsi, ndipo pambuyo pake adakathera kokumba miyala yamtengo wapatali. Mbale za gulu lawo, monga Lazy Bones!! ya 1975, zidangotsala m'nyumba za anthu ndi m'misika.

Ndi mbale zotsalazi zomwe otolera nyimbo a ku Ulaya ndi America adayamba kusaka. Zitayamba kudziwika, mitengo yake idakwera mpaka mbale imodzi yosungidwa bwino kumagulidwa madola mazanamazana. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yomwe mwini wake ndi Eothen Alapatt, idagwirizana ndi oimba omwe adali moyo komanso mabanja a omwe adamwalira n'kuyamba kutulutsanso nyimbozo. Mu 2012 idatulutsa nyimbo za WITCH pamodzi, ndipo mu 2017 idatulutsa zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock. A Jagari adabwerera pa nsanja ali ndi zaka za m'ma 60, adayamba kuimba ku Ulaya ndi America, mu 2019 kudatuluka kanema wa mbiri yawo, ndipo mu 2023 gulu la WITCH lidatulutsa chimbale chatsopano, Zango, patatha zaka 39 chitulutsireni china.

Nkhaniyi ndi yokoma kuimva, komabe ili ndi mbali ina yowawa. Munthu wa ku Kitwe kapena ku Kabwe yemwe adagulitsa katoni ya mbale za malemu bambo ake pamtengo wa thumba la ufa, osadziwa kuti mbale imodzi yokha ikadagula matumba ambirimbiri, palibe yemwe adabwerera kudzamuwonjezera. Ndipo mbale zoyambirira zambiri za Zamrock tsopano zili m'mashelefu a ku London, Berlin, Tokyo ndi New York. Mnyamata wa ku Ndola wofuna kugwira ndi manja mbale yomwe idatulukira m'tauni yake yomwe ayenera kupikisana pamtengo ndi anthu olandira madola.

Malawi ndi dziko la kaseti

Mbiri ya m'dziko muno ndi yosiyanako. Mbale zambiri zomwe zidalowa m'midzi zidabwera ndi anthu ochokera kumigodi ya ku South Africa ndi ku Zimbabwe, aja ankapita pa Wenela ndi pa Theba. Ankabwera ndi galamafoni, njinga ndi sutikesi, ndipo m'sutikesimo munkakhala mbale za kwela ndi simanjemanje, za Mahlathini ndi Mahotella Queens. Zina zinkachokera ku East Africa, monga za kanindo, ndi za rumba ya a Franco a ku Congo. Kampani ya Nzeru Record Company, yomwe idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti izitulutsa mbale za oimba a kuno, sidakhalitse. Choncho mbale za oimba a Chimalawi zidali zochepa chiyambire, ndipo yemwe ali nayo lero ali ndi chinthu chosowa zedi.

Oimba ambiri a nthawi imeneyo ankajambulitsa nyimbo zawo ku MBC, yomwe idayamba mu 1964 ndipo kwa zaka zoposa 30 idali wailesi yokhayo m'dziko muno. Nyimbo zinkasungidwa pa matepi akuluakulu ozungulira a kunyumba ya mphepoko, ndipo anthu ankazimvera pa wailesi basi. Zina mwa nyimbo za oimba monga a Allan Namoko, a Robert Fumulani, a Michael Yekha ndi a Stonard Lungu zidafika m'makutu a anthu mwa njira imeneyi.

Kaseti ndiyo idasintha zinthu. Idali yotsika mtengo, yosavuta kunyamula, ndipo wailesi yake inkayendera mabatire, chinthu chofunika kwambiri m'dziko lomwe nyumba zambiri zilibe magetsi. Ndale za zipani zambiri zitabwera, malonda a makaseti adaphulika. Ku Balaka, kwawo kwa gulu la Alleluya, a Paul Banda ankajambula oimba ambiri pa situdiyo ya IY. Mng'ono wawo, malemu Lucius Banda, adatulutsa Son of a Poor Man mu 1994. Padabwera a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro, a Charles Nsaku, a Joseph Nkasa, malemu Evison Matafale ndi Kuimba 1, osaiwala makwaya osawerengeka a m'mipingo. Sitolo ya O.G. Issa ku Limbe idali likulu la malondawa, ndipo mavenda ankapikula kumeneko n'kukagulitsa m'madepoti ndi m'misika ya dziko lonse. Minibasi iliyonse idali ndi kaseti yake, ndipo mwana aliyense wa nthawiyo ankadziwa kubweza tepi ndi bolopeni pofuna kupulumutsa mabatire.

Kenaka kudabwera ma CD, posakhalitsa ma fulashi ndi ma memole khadi, ndipo anyamata obena nyimbo pa kompyuta adadzaza m'misika. Malonda a makaseti adafa mwakachetechete. Nyimbo za oimba akuluakulu zidawoloka bwinobwino kupita pa foni ndi pa intaneti. Zomwe zidatsalira tsidya lija ndi za oimba ang'onoang'ono: gulu la banjo lomwe lidatulutsa chimbale chimodzi n'kutha, kwaya ya mpingo wa kumudzi yomwe idasonkha ndalama n'kujambulitsa makaseti 200, woimba wa pa boma yemwe adamwalira asanatchuke. Kwa ambiri mwa amenewa, kaseti yomwe ili pansi pa bedi la munthu wina ikhoza kukhala yokhayo yotsala.

Izi zidachitikapo kale kwina. M'chaka cha 2002, mnyamata wa ku America, Brian Shimkovitz, adagula kaseti pa kamsika ka m'mbali mwa msewu ku Cape Coast m'dziko la Ghana. Kasetiyo, Obaa Sima, idali ya woimba wotchedwa Ata Kak, yemwe adaitulutsa mu 1994 makope pafupifupi 50 okha, ndipo sidayende malonda. Shimkovitz adatha zaka akusaka mwini wake. Atamupeza, zidadziwika kuti tepi yoyambirira ya ku situdiyo idali itaonongeka, moti pomwe kampani yake ya Awesome Tapes From Africa inkatulutsanso chimbalecho mu 2015, idagwiritsa ntchito kaseti ya pamsika ija. Ata Kak adayamba kuitanidwa kukaimba ku Ulaya. Kampani yomweyo idatulutsanso mu 2013 kaseti yakale ya Hailu Mergia wa ku Ethiopia, yemwe panthawiyo ankayendetsa takisi ku Washington.

Mwini kaseti ndi mwini nyimbo

Apa ndi pomwe mabanja ambiri angasokonezeke. Munthu yemwe adagula kaseti kapena mbale ndi mwini wa chinthucho, ndipo ali ndi ufulu wochisunga, kuchipereka kapena kuchigulitsa. Koma nyimbo zomwe zili m'menemo zili ndi eni ake. Lamulo la Copyright la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989, limateteza wopeka nyimbo moyo wake wonse komanso zaka 50 atamwalira. Kukopera kaseti yakale n'kumagulitsa, kapena kuiika pa intaneti n'kumadyerapo ndalama popanda chilolezo, ndi kuphwanya lamulo ngakhale woimbayo adamwalira kalekale. A Namoko adamwalira mu 1995, a Daniel Kachamba mu 1987, a Matafale mu 2001. Nyimbo za onsewa zidakali m'manja mwa lamulo.

Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndi lomwe limatolera ndalama m'malo mwa oimba ndi olowa m'malo mwawo. Vuto ndi loti bungwe limalipira munthu yemwe likumudziwa. Banja la woimba yemwe sadalembetse nyimbo zake, kapena lomwe silidagwirizane za yemwe aziyang'anira chuma cha malemu, likhoza kumangomva nyimbo ya bambo awo ikulira pa foni za anthu popanda kuonapo kanthu. Ndipo kutchuka pa intaneti sikufanana ndi ndalama m'thumba. Nyimbo ya Linny Hoo ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, yomwe adaimbanso ndi a Patience Namadingo mu 2020, idaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni pa TikTok pofika kumayambiriro kwa 2022, pomwe mkuluyo, ali ndi zaka zoposa 90, adalibe ndi foni yoonera zimenezo.

Kampani ya Shimkovitz imadziwika ndi kugawana phindu pakati ndi pakati ndi woimba. Umenewu ndi muyeso wabwino woti banja lililonse la woimba likhale nawo m'mutu mlendo akafika pakhomo ndi pepala loti asaine. Kupereka chilolezo cha zaka zowerengeka, pamgwirizano wogawana phindu, n'kosiyana kwambiri ndi kugulitsiratu nyimbo pamtengo umodzi. Oimba ambiri a m'nthawi ya makaseti ankagulitsiratu chifukwa cha njala ya tsikulo, ndipo madandaulo awo adadzaza manyuzi kwa zaka zambiri.

Kodi zichoke kapena zikhale?

Pali ena omwe amati mbale ndi makaseti a kuno asamatuluke m'dziko, chifukwa ndi chuma cha fuko. Mfundoyi ndi yomveka, koma mbiri ikuonetsa kuti nkhaniyi siyophweka chotero. Nyimbo za makolo zomwe Hugh Tracey adajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zilipo mpaka lero chifukwa zidakasungidwa ku International Library of African Music, yomwe ili pa Rhodes University ku South Africa. Zambiri zomwe dziko lapansi limadziwa za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka zidachokera pa ntchito ya Gerhard Kubik wa ku Austria, yemwe adakumana nawo mu 1967. Nyimbo zina za a Namoko zidatuluka kunja kudzera ku Pamtondo, kampani ya a John Lwanda, dokotala wa Chimalawi wokhala ku Scotland. Chomwe chidapita kunja chidapulumuka, pomwe zambiri zomwe zidatsala zidadyedwa ndi chiswe.

Komatu izi zikungoonetsa kufooka kwa kasungidwe ka zinthu kuno kwathu. Nyumba yosungira mbiri ya dziko ya National Archives ili ku Zomba, ndipo lamulo limati osindikiza mabuku azipereka kope kumeneko. Funso n'kumati makaseti zikwizikwi omwe adatuluka pakati pa 1994 ndi 2005 adasungidwa ndi yani, ndipo wophunzira wa ku yunivesite wofuna kudziwa zomwe Amalawi ankaimba pa nkhani ya Edzi, ya njala ya 2002 kapena ya ndale za nthawiyo angapite kuti kukamvera. Ntchito yosamutsira matepi akale a MBC pa kompyuta, yomwe idachitika ndi thandizo lochokera ku Norway, idali poyambira pabwino, koma idakhudza zomwe zidali m'nyumba ya wailesiyo. Za m'makatoni a anthu sizidawerengedwepo ndi wina aliyense. Boma likhoza kunena kuti lili ndi mavuto aakulu kuposa makaseti, ndipo n'zoona, koma kugula makina awiri abwino ndi kulemba ntchito anthu ochepa oyendera maboma si ndalama yomwe ingagwetse bajeti.

Si kaseti iliyonse yomwe ili ndalama

Pofunika kuchenjeza apa, kuopa kuti anthu angayambe kulota nyumba za malata. Makaseti a Don Williams, Jim Reeves, Kenny Rogers, Dolly Parton ndi Lucky Dube, omwe adadzaza nyumba zambiri, alibe msika kunja chifukwa adapangidwa mamiliyoni, ndipo ambiri omwe adafika kuno adali okopera. Ogula amafuna za kuno zenizeni, zoyambirira, zokhala ndi chikuto chake. Kaseti yopanda chikuto, yolembedwa dzina ndi bolopeni, mtengo wake ndi wochepa ngakhale nyimbo zake zingakhale zofunika kwa ofufuza mbiri. Pa mbale, wogula amayang'ana mikwingwirima, kupindika, ndi pepala la pakati pomwe pamalembedwa dzina la kampani ndi nambala ya mbaleyo. Msika waukulu wa zinthuzi ndi wa Discogs, womwe udayamba mu 2000, ndipo mwana aliyense wa m'banjamo yemwe ali ndi foni ya intaneti angathe kuona kumeneko mtengo womwe mbale yofanana nayo idagulidwapo, banja lisanavomere mtengo wa munthu wodutsa.

Kasungidwe kake ndi kosavuta, kungoti anthu ambiri amachita zosemphana nako. Mbale imafuna kuimikidwa chilili ngati mabuku, osati kusanjikizidwa, ndipo dzuwa kapena kutentha kwa pansi pa malata kumaipinda moti singano siyendanso bwino. Mbale zakale kwambiri, zija zolemera zozungulira maulendo 78 pa mphindi, zimasweka ngati mbale yadothi zikagwa. Kaseti mdani wake ndi chinyezi, chomwe chimabweretsa chuku pa tepi, komanso kutentha ndi maginito a m'masipika. Katoni yoikidwa pansi, pafupi ndi khoma, ndi yoyamba kunyowa madzi akalowa m'nyumba, monga adaonera anthu ambiri a m'chigawo cha kummwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tepi yomwe yachita chuku siyofunika kuiika m'wailesi msangamsanga, chifukwa ikhoza kuduka kapena kusiya utoto wake, momwe muli nyimbomo, pamutu wa makinawo.

Ngakhale kaseti itasungidwa bwino chotani, tepi imafooka ndi zaka, ndipo makaseti a 1994 tsopano adutsa zaka 30. Njira yoipulumutsira ndi kuisamutsira pa kompyuta, ntchito yomwe imafuna chingwe chotsika mtengo ndi wailesi ya kaseti yoyenda bwino. Wailesiyo ndiyo yayamba kusowa. Malamba a labala a m'kati mwake amasungunuka akakhalitsa, kagudumu kokoka tepi kamauma n'kuyamba kutafuna makaseti, ndipo amisiri ambiri omwe ankakonza mawailesi pa khonde la sitolo pa Ntcheu kapena pa Mponela adasamukira kokonza mafoni. Omwe adatsala ndi achikulire, ndipo zipangizo amachita kuzula m'mawailesi ena akufa.